MIMBA IKATUPA MAYI ATABEREKA

 

Lero tikambirana nkhani imene ambiri timachita nayo manyazi. Ndi nkhani ya matumbo ndi chimbudzi cha mayi amene wangobereka kumene. Makolo athu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Choncho zinthu tizitchula ndi maina ake, ndipo wina asati tasowa ulemu.

Mwana akabadwa, maso a mudzi wonse amakhala pa mwanayo. Timafunsa ngati akuyamwa bwino. Timafunsa ngati mchombo wagwa. Za mayi timadziwa kuti kutaya magazi ambiri, kutentha thupi ndi kukomoka ndi zoopsa. Koma pali matenda enanso amene ambiri sitinawamve. Matumbo a mayi amaleka kuyenda, mimba n'kuyamba kutupa. Matendawa sachitika kawirikawiri. Mzamba angathe kukalamba pa ntchito yake osawaona. N'chifukwa chake akafika pakhomo anthu sawazindikira msanga, ndipo kuchedwako ndiko kumapha.

MATUMBO ATHU AMAGWIRA NTCHITO BWANJI?

Tonse tinatumbulapo mbuzi kapena nkhuku, ndipo matumbo timawadziwa. Munthu ali ndi matumbo a mitundu iwiri. Pali matumbo aang'ono, amene kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 6. M'menemo ndi mmene chakudya chimalowera m'thupi. Palinso thumbo lalikulu, lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Limayambira kumunsi kwa mimba, mbali ya kumanja. Limakwera, limadutsa pansi pa nthiti, kenaka limatsika mbali ya kumanzere mpaka kotulukira chimbudzi.

Matumbo sakhala chete. Usana ndi usiku amafinya ndi kumasula, n'kumakankha zam'kati kuti zipite patsogolo. Amachita ngati abambo okoka khoka pa gombe, dzanja ili likagwira, ilo likusiya. Amene amayendetsa ntchito imeneyi ndi timitsempha tating'onoting'ono. Tina timauza thumbo kuti liyende. Tina timaliuza kuti lipume. Zonsezi zikamagwirizana, munthu amatulutsa mpweya ndi chimbudzi popanda vuto.

THUMBO LIKAIMA

Nthawi zina, mayi akabereka, timitsempha timeneti timasokonezeka. Thumbo lalikulu limangoima. Palibe chimene chalitseka, koma silikankhanso. Mpweya umene umayenera kutuluka umaunjikana m'katimo, ndipo thumbo limafufuma ngati chubu cha njinga chimene tachipopa mopitirira.

Madokotala amatcha matendawa ndi dzina la Ogilvie. William Heneage Ogilvie anali dokotala wa opaleshoni ku London. Mu 1948 analemba za odwala awiri amene mimba zawo zinatupa ngati matumbo atsekeka, koma chotseka panalibe. Odwala akewo anali ndi khansa. Pambuyo pake madokotala anaona kuti matendawa amagwiranso nkhalamba zodwala kwambiri, anthu ovulala, ndiponso amayi obereka kumene. Mwa amayi, amagwira makamaka iwo amene abereka mwa opaleshoni. Kawirikawiri amayamba m'masiku oyambirira, kuyambira tsiku lachiwiri, ndipo angathe kuonekera mayi atatuluka kale m'chipatala.

Malo oopsa ndi poyambira thumbo lalikulu paja, kumunsi kumanja. Pamenepo thumbo ndi lotakasuka ndipo khungu lake ndi lopyapyala. Mwa munthu wabwinobwino kukula kwake sikupitirira masentimita 9. Likafufuma kupitirira masentimita 12, magazi amalephera kuyenda bwino m'khungu lakelo. Khungu limafa, thumbo n'kuphulika. Chimbudzi chimatayikira m'mimba, ndipo thupi lonse limalowa poizoni.

Mu 1986 madokotala a ku America anawerenga nkhani za odwala 400 a matenda amenewa. Ambiri anali okalamba ndiponso odwala matenda ena. Anapeza kuti mwa odwala 100 amene anathandizidwa thumbo lisanawonongeke, amene anamwalira anali pafupifupi 15. Koma mwa 100 amene thumbo linali litafa kapena kuphulika, amene anamwalira anali pafupifupi 40. Tiyeni tiziganize bwino nambala ziwirizi. Matenda ndi amodzi omwewo. Chimene chinasiyanitsa ndi nthawi imene wodwala analandira chithandizo.

THUMBO LIKAPOTOKA

Pali njira yachiwiri imene matumbo amavutira. Thumbo lalikulu limatha kudzipota lokha, ngati chingwe cha nangula chikazungulira pa mwala. Likatero limatsekeka, ndipo magazi safikako. Matenda amenewa ndi odziwika kwambiri kuno ku Africa, makamaka mwa abambo. Koma amagwiranso amayi apakati ndi obereka kumene. Mwana akamakula m'mimba amakankha matumbo kuchoka pamalo pake. Akabadwa, m'mimba mumatsala malo aakulu, matumbo amabwerera mofulumira, ndipo nthawi imeneyo thumbo lingathe kupotoka.

Mimba ingathenso kutupa chifukwa cha tizilombo tolowa m'chiberekero pobereka, kapena chifukwa cha bala la m'kati pambuyo pa opaleshoni. Ife a kumudzi sitingathe kusiyanitsa matenda onsewa. Ngakhale dokotala amafunika kupima ndi kujambula mimba kuti adziwe. Ntchito yathu si kutchula dzina la matenda ayi. Ntchito yathu ndi kuona kuti zinthu sizili bwino, ndi kunyamula mayiyo msanga.

ZIMENE SIZIYENERA KUTIOPSA

Mayi akabereka, mimba siphwa tsiku lomwelo. Chiberekero chimamveka ngati chibulu cholimba pafupi ndi mchombo, ndipo chimatsika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mayi amamva kupotokola m'mimba pamene mwana akuyamwa. Chimenecho ndi chiberekero chikubwerera m'malo. Amayi ambiri amatha masiku awiri kapena atatu osachita chimbudzi, ena chifukwa choopa kuwawa kwa bala. Ngati mpweya ukutuluka, mimba ili yofewa, mayi akudya ndi kuyenda, palibe choopsa. Amwe madzi ambiri, adye ndiwo zamasamba ndi zipatso monga papaya, ndipo aziyendayenda pakhomo.

ZIZINDIKIRO ZOOPSA

Tsopano timvetsetse izi, ndipo amene tadziwa kulemba tizilembe.

Choyamba, mimba ikukula m'malo mophwa. Lero ndi yaikulu kuposa dzulo.

Chachiwiri, mimba yalimba, ndipo tikaigogoda pang'ono ndi chala ikulira ngati ng'oma.

Chachitatu, ululu ukuwonjezeka m'malo mochepa, makamaka kumunsi kumanja.

Chachinayi, mpweya sukutuluka, chimbudzi sichikubwera.

Chachisanu, mayi ali ndi mseru, akusanza, akukana chakudya. Masanzi akakhala obiriwira ngati ndulu, kapena onunkha ngati chimbudzi, zinthu zafika poipa.

Chachisanu ndi chimodzi, thupi latentha, mtima ukugunda mofulumira, mayi akupuma mwabefu, kapena akutuluka thukuta lozizira.

Tisadikire kuti zizindikiro zonsezi zikwane. Mimba yomakula pamodzi ndi ululu, kapena pamodzi ndi kusanza, yakwana kuti tinyamuke.

Pali misampha iwiri imene imanamiza anthu. Woyamba ndi uwu: mayi wodwala matenda a Ogilvie nthawi zina amatulutsabe mpweya pang'ono, mwinanso amatsegula m'mimba. Achibale amati, "Onani, njira yatseguka." Koma ngati mimba ikukulabe, matenda alipobe. Wachiwiri ndi uwu: thumbo likaphulika, ululu ungathe kuchepa kwa kanthawi. Mayi amati wapezako bwino. Patapita maola ochepa amafooka kotheratu.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati mimba ikukula. Titenge chingwe kapena luzi. Tizungulize mimba ya mayi podutsa pa mchombo, iye atagona chagada, ndipo timange mfundo pamene chingwe chakumana. Tiyesenso madzulo ndi m'mawa mwake. Ngati chingwe sichikufikanso pa mfundo ija, mimba ikukula. Koma mayi akakhala kuti akuvutika kale, tisataye nthawi ndi chingwe.

ZIMENE TISACHITE

Mayi akatupa mimba, aliyense pakhomo amafuna kuthandiza. Koma chithandizo china chimawonjezera matenda.

Tisampatse mankhwala otsegula m'mimba, kaya a zitsamba kaya ogula pa msika. Thumbo lofufuma lili ngati nsalu yakutha. Tikalikakamiza ling'ambika.

Tisamupope madzi kapena mankhwala kotulukira chimbudzi.

Tisathowe mimba mwamphamvu, tisaikande, ndipo tisaimange ndi nsalu kuti iphwe. Mpweya uli m'kati mwa thumbo sutuluka ndi kufinya.

Tisateme mphini pa mimba. Mabala amalowetsa tizilombo, ndipo tsiku limapita pachabe.

Tisamukakamize nsima kapena phala poganiza kuti wafooka ndi njala. Chakudya sichidutsa, ndipo ngati kuchipatala kukafunika opaleshoni, m'mimba muyenera kukhala mopanda kanthu.

Tisamupatse mapiritsi opha ululu kuti agone mpaka kuche. Ululu ukabisika, matenda amapitirira mwakachetechete.

MWAMBO NDI MOYO

Mwambo wa chikuta ndi wabwino. Umapatsa mayi mpumulo, umateteza khanda kwa anthu ambiri. Koma masiku a chikuta ndi omwewo amene matendawa amayambira. Mayi ali m'nyumba, ndipo amene akumuona ndi amayi ake, apongozi ake, kapena mzamba. Inu amayi aakulu, moyo wa mwana wanu uli m'manja mwanu. M'mawa uliwonse mufunseni mosabisa: "Mwana wanga, mpweya watuluka? Kuchimbudzi wapita? Mimba ikukuwawa pati?" Yang'anani mimbayo ndi maso anu. Ngati ikutupa, chikuta chithe tsiku lomwelo. Mwambo unaikidwa kuti usunge mayi ndi mwana, choncho kumutulutsa kuti akapulumuke si kuswa mwambo.

Inu amayi obereka kumene, musapirire mwakachetechete. Ambiri munalangizidwa kuti mkazi weniweni salira ndi ululu wa uchembere. Ululu wa mimba yotupa ndi wina. Nenani msanga.

Tikudziwanso kuti mayi akadwala atabereka, pamudzi pamabuka milandu. Ena amati bambo sanadzisunge. Ena amati mayi ali ndi chimene akubisa. Ena amaloza mfiti. Ankhoswe amaitanidwa, anthu amakhala pansi, dzuwa n'kumapita. Thumbo silidikira kuti mlandu uthe. Matendawa amagwira amayi ku London, ku Maputo ndi ku Lichinga, ndipo sasankha wolakwa kapena wosalakwa. Ngati pali zokambirana, zidzakambidwe mayi atachira.

NJIRA YA KUCHIPATALA

Tonse tikuidziwa njira yathu. Timayambira pa chipatala chathu chapafupi. Anamwino akaona kuti nkhani ndi yaikulu, amatumiza wodwala ku Metangula, likulu la boma lathu la Lago. Matenda ofunika opaleshoni ya matumbo amathandizidwa ku chipatala chachikulu cha Lichinga. Kuchokera ku Metangula kukafika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 100, kukwera mapiri kudzera ku Maniamba. Nthawi ya dzinja misewu imavuta. Nthawi ya mwera nyanja imakalipa, ndipo boti silingayende ola lililonse. Anthu a m'tauni angathe kuchedwa tsiku limodzi n'kupulumukabe. Ife tikachedwa tsiku limodzi pakhomo, tiwonjezerepo tsiku lina la pa njira.

Choncho tikonzekere mwana asanabadwe. Banja lisunge ndalama za mafuta a boti kapena a galimoto, ndipo zisakhudzidwe ngakhale usipa utasowa. Tidziwe mwini boti ndi mwini galimoto amene tingawadzutse usiku. Tilembe nambala ya foni ya namwino kapena ya wazaumoyo wa m'mudzi, amene timamutcha APE, ndipo pepalalo likhale poonekera.

Inu abambo, ambiri mumagona pa nyanja ndi nyali zanu, ndipo ena mumapita kutali kukagulitsa nsomba. Musanachoke, siyani mawu omveka pamaso pa ankhoswe ndi apongozi: "Mkazi wanga akadwala, munyamuleni. Musandidikire." Mawu amenewa angapulumutse tsiku lathunthu.

Popita, titenge khadi la sikelo ndi pepala limene anatipatsa potuluka m'chipatala. Khanda lipite limodzi ndi mayi wake kuti lipitirize kuyamwa, ndipo pakhale mayi wina wolinyamula. Papitenso wachibale wamphamvu amene angapereke magazi akafunika. Pa njira mayi agone chammbali, kuti akasanza masanzi asamutsamwe.

Tikafika, tisayime pa mzere mwakachetechete. Tinene pakhomo pomwepo kuti mayiyu wabereka tsiku lakuti, ndipo mimba ikutupa. Ogwira ntchito ena m'zipatala zathu anachokera ku zigawo zina ndipo samva Chinyanja. M'Chipwitikizi tinganene kuti, "A barriga está inchada," ndiko kuti mimba yatupa. Opaleshoni yobereketsa amaitcha "cesariana". Amene tikuphunzira kulemba tilembe pa pepala tsiku limene mayi anabereka, tsiku limene mimba inayamba kutupa, ndi tsiku lomaliza limene anachita chimbudzi. Ngati tinamupatsa mankhwala a zitsamba, tinene zoona. Namwino akufuna kudziwa kuti athandize bwino.

KUCHIPATALA AMACHITA CHIYANI?

Ambiri timaopa kuti kuchipatala mayi akang'ambidwanso. Tidziwe kuti wodwala matenda a Ogilvie akafika msanga, nthawi zambiri opaleshoni sifunika. Amamuletsa kudya ndi kumwa kuti matumbo apume. Amamuika dilipi, imene kuno timati soro, kuti thupi lipeze madzi ndi mchere. Amalowetsa kapaipi m'mphuno kufika m'mimba kuti atulutse madzi ndi mpweya, ndipo nthawi zina kena kotulukira chimbudzi. Amasiya mankhwala amphamvu opha ululu amene amagonetsa matumbo. Amamuyendetsa ndi kumutembenuza pa bedi. Achibale asamadandaule kuti wodwala akumanidwa chakudya, ndipo asamupatse phala mobisa.

Zimenezi zikalephera, pali jekeseni wotchedwa neostigmine amene amadzutsa thumbo. Mu 1999 madokotala a ku America anamuyesa, ndipo mwa odwala 11 amene anabayidwa, 10 mimba zawo zinaphwa m'kanthawi kochepa. Jekeseniyu amachedwetsa kugunda kwa mtima, choncho amabayidwa m'chipatala mokha, wodwala akuyang'aniridwa. Koma thumbo likapotoka n'kufa, kapena likaphulika, njira ndi opaleshoni basi. Amadula mbali yowonongeka. Nthawi zina amatulutsira thumbo pa khungu la mimba kwa miyezi ingapo, kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo mpaka m'kati mutapola. Imeneyi ndi opaleshoni yaikulu, ndipo amene wafika msanga kawirikawiri amaipewa.

TISAOPE OPALESHONI YOBEREKETSA

Wina angachoke pano akunena kuti ngati matendawa amatsata opaleshoni, kuli bwino kuberekera kunyumba. Amenewo ndi maganizo olakwika. Opaleshoni yobereketsa imapulumutsa amayi ndi ana ambirimbiri pamene njira yachepa, pamene mwana wagona mopingasa, kapena pamene magazi akutayika. Amene amadwala matumbo pambuyo pake ndi ochepa kwambiri.

Dziko lathu linavutika kuti opaleshoni imeneyi ifike pafupi ndi ife. Pamene Mozambique inalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri anachoka, ndipo otsala sanakwane 100 m'dziko lonse. Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala odziwa kale ntchito kuti azichita opaleshoni. Amatchedwa técnicos de cirurgia. Mu 2002, mwa maopaleshoni aakulu 100 a uchembere m'zipatala za m'maboma, 92 anachitidwa ndi iwowa. Mbali yawo akuichita. Mbali yathu ndi kuyang'anira mayi akabwerera kumudzi.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woberekera kuchipatala akhale komweko maola osachepera 24. Limatinso mayi ndi mwana aonedwenso pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pakatha masabata 6. Wobereka mwa opaleshoni amakhala masiku ochulukirapo. Asaumirire kutuluka mpweya usanayambe kutuluka bwino, ngakhale kumunda kuli ntchito. Ngati ali m'chipatala ndipo akuona kuti mimba ikukula, iye kapena womudikirira auze namwino. Akauzidwa kuti ndi mpweya chabe koma mimba n'kumakulabe, anenenso mwaulemu, ndipo apemphe kuti wamkulu wa pa wodi adzaone.

Anzathu, mutu umodzi susenza denga. Mayi wodwala sangathe kupalasa bwato, sangathe kukafuna galimoto, ndipo mwina sangathe ngakhale kulankhula. Akudalira apongozi amene ayang'ane mimba, mwamuna amene anasiya mawu, mnansi amene abwereke boti, ndi mfumu imene inene kuti mlandu udikire. Zimene tamva lero tikauze anzathu amene sanabwere, kumadzi, kumunda ndi pa gombe. 

MAFUNSO OKAMBIRANA M'KALASI

1. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti matumbo a mayi wobereka kumene aleka kuyenda.
2. Chifukwa chiyani sitiyenera kumupatsa mankhwala otsegula m'mimba?
3. Mayi akadwala usiku mwamuna wake ali pa nyanja, ndani m'banja mwanu angalamule kuti apite kuchipatala?
4. Kuchokera m'mudzi mwanu kukafika kuchipatala, mafuta a boti kapena a galimoto angadye ndalama zingati? Lembani nambalayo.

MAWU OTI TILEMBE M'MAKOPE ATHU

mimba, thumbo, matumbo, mpweya, chikuta, namwino, chipatala

Mimba ikatupa, tipite msanga kuchipatala.